Kompyuta Yovekedwa Nsalu

Pasukulu ina ya sekondale imene ndidaphunzitsapo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 padabwera kompyuta imodzi, mphatso yochokera kwa akufuna kwabwino a kunja. Tsiku limene idafika kudali ngati kwalowa mkwatibwi m'mudzi. Anyamata anayi a Fomu 4 ndiwo adaitsitsa m'galimoto: wina atasenza chibokosi chachitsulo, awiri atanyamulizana chisikirini chotumpha kumbuyo chonga wailesi yakanema yakale, ndipo wachinayi atakumbatira kiyibodi ndi mawaya. Adaikhazika patebulo mu ofesi ya ahedi. Mayi a kunyumba kwa ahediwo adasoka nsalu yoyera yamaluwa m'mphepete yoti tiziiphimbira kuopa fumbi. Kuyambira pamenepo nsalu ija inkavundukulidwa kawiri kapena katatu pa teremu, makamaka kukabwera alendo.

M'kalasi langa la Fomu 2 mudali mnyamata wina wamanja osakhazikika, amene ankakonda kukonza matochi ndi mawailesi a anzake. Tsiku lina nditamutuma kukasiya makope ku ofesi, adachedwa kubwerera. Nditamulondola ndidamupeza atapinda ngodya ya nsalu ija, akusuzumira m'timabowo ta kumbuyo kwa chibokosi. "Aphunzitsi," adatero mopanda mantha, "kodi m'katimu muli chiyani? Sitingatsegule kuti tione?" Ine ndidamukalipira kolimba. Ndidamuuza kuti mtengo wa chinthu chimenecho ngwoposa chimanga chonse chimene bambo ake angakolole pa zaka zitatu, ndipo akachiwononga kwawo sikutsala mbuzi ngakhale imodzi. Mwanayo adabwezeretsa nsalu mwaulemu n'kutuluka. Patapita zaka zochepa kompyuta ija idakana kuyaka. Mmisiri wochokera kutauni ataitsegula adapezamo fumbi, mphemvu ndi waya wodyedwa ndi makoswe. Idafa isadaphunzitse mwana ngakhale mmodzi.

Nkhani imeneyi ndidali nditaiiwala mpaka tsiku limene mwana wa mlongo wanga adandiikira m'dzanja kathabwa kobiriwira kolingana ndi khadi yakubanki. "Amalume," adatero, "kompyuta yonse ndi imeneyi." Ine ndidayesa akundiseka, poti kanthuko kankaoneka ngati kachidutswa kotoledwa m'wailesi yakufa. Iye adakalumikiza ku wailesi yakanema, adasomekamo kiyibodi ndi memori khadi, n'kukapatsa moto ndi chaja. Pasadathe mphindi imodzi zilembo zidaoneka pasikirini. Dzina la kanthuko ndi Raspberry Pi. Pamene ndinkakayang'ana, chithunzi cha nsalu yamaluwa chidandibwerera, ndipo ndi chithunzicho mudabwera funso limene ndikufuna tilingalire limodzi: kodi tikamayerekeza zida ziwiri, chakale ndi chatsopano, chachikulu ndi chaching'ono, muyeso woyenera ndi uti?

Tiyambe ndi muyeso umene anthu ambiri amathamangira, muyeso wa liwiro ndi mtengo. Kompyuta zapatebulo za mtundu umene ambirife tidazolowera kholo lake ndi IBM PC, imene idatuluka mu August 1981. Yotsika mtengo kwambiri inkagulidwa madola 1,565. Purosesa yake, kunena kwake kachipangizo kowerengera kamene kali ngati ubongo wa kompyuta, inkathamanga pa 4.77 MHz, ndipo RAM yake, malo amene kompyuta imayalapo ntchito imene ikugwira panthawiyo, idali 16 KB. Raspberry Pi yoyamba idayamba kugulitsidwa pa 29 February 2012 pamtengo wa madola 35. Purosesa yake inkathamanga pa 700 MHz ndipo RAM yake idali 256 MB, kuchulukitsa ya IBM ija koposa ka 16,000. Choncho ndalama zogulira IBM imodzi mu 1981 zikadagula timakompyuta 44 mu 2012, kalikonse kamphamvu kuposa kholo lakelo kutalitali.

Komabe amene adapanga kanthuko sadadzitukumule. Adanena okha kuti mphamvu ya Raspberry Pi yoyambayo idali yofanana ndi ya Pentium II ya 300 MHz, kompyuta ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Tsono mu 2012 adagulitsa chinthu chimene pa liwiro chidali m'mbuyo ndi zaka zoposa khumi, anthu n'kuchilimbirana. Iwo ankayembekeza kugulitsa pafupifupi 10,000 basi, koma pofika 2024 adali atagulitsa timakompyuta toposa 60 miliyoni. Mitundu yotsatira idakulirakulira mphamvu: Raspberry Pi 4 ya 2019 ili ndi mitima inayi m'purosesa yake, ndipo Raspberry Pi 5 ya 2023 imathamanga pa 2.4 GHz. Koma kutchuka kudayamba kanthuko kadakali kofooka. Apa tikuona kuti chimene chidakopa anthu sichidali liwiro, ndipo muyeso wa liwiro pawokha sungatiyankhe funso lathu.

Muyeso wachiwiri ndi wa chakudya, pakuti chida chilichonse chimadya. Ng'ombe yapagoli imadya msipu, galimoto imamwa mafuta, kompyuta imadya magetsi. Kompyuta yonga imene tidaiveka nsalu ija, ya purosesa ya Pentium 4 ndi chisikirini chotumpha, inkatha kudya mawati 150 kapena kuposerapo. Mapurosesa ena a Pentium 4 a mu 2004 ankatha kudya mawati oposa 100 pawokha, n'chifukwa chake m'chibokosimo munkalira mafani usana wonse kuziziritsa kutentha. Raspberry Pi yoyamba inkadya mawati atatu ndi theka, yopanda fani, yopanda phokoso. Tiyerekeze chipinda cha makompyuta 20. Akakhala akale aja afuna mawati pafupifupi 3,000, pamene timakompyuta 20, tokhala ndi masikirini opyapyala a masiku ano, tingakhutire ndi mawati pafupifupi 500. M'dziko limene magetsi ali ponseponse kusiyana kumeneku kumangoonekera pa bilu. Kwathu kuno, kumene kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinkawunikira magetsi, kusiyana kumeneku ndiko kumagamula ngati kompyuta iyake kapena isayake. Sola yochepa ndi batire ya galimoto zimatha kudyetsa kakompyuta tsiku lonse, koma chibokosi chakale chingayamwe batire imeneyo msanga ngati mwana wang'ombe wanjala.

Mpaka pano mlandu ukuoneka ngati wakomera kathabwa kobiriwira, ndipo wina akhoza kugamula kuti tsabola wakale sawawa, zibokosi zonse zikatayidwe kudzala. Koma woweruza wabwino samva mbali imodzi. Madola 35 aja adali mtengo wa thabwa lokha, lamaliseche. Sikirini, kiyibodi, mausi, chaja, memori khadi ndi kabokosi kotetezera zonse munthu ankayenera kupeza payekha. Mwana wa ku Britain ambiri mwa katunduyu ankangomutola m'nyumba mwa makolo ake. Mwana wa m'mudzi mwathu ayenera kugula chilichonse, kuwonjezapo mtengo wotumizira ndi msonkho, ndipo akamaliza kuwonkhetsa amapeza kuti kompyuta yakaunjika yathunthu ikadamutsikira mtengo. Mitundu yatsopano nayo idakwera: Raspberry Pi 5 idatuluka pa madola 60 ndi 80, malinga ndi kukula kwa RAM. Ndiponso si makompyuta onse akale amene ali ofooka. Kompyuta ya muofesi ya cha m'ma 2013, ya purosesa ya Intel Core i5, imaposa Raspberry Pi 4 pa ntchito zambiri.

Palinso ubwino wina wa chibokosi chakale umene ine, mphunzitsi, ndidayenera kuuzindikira tsiku lija. Chibokosicho chimatseguka ndi sikuludiraiva wamba. M'kati mwake chiwalo chilichonse chili pachokha: purosesa apa, RAM apo, hadi disiki uko, bokosi logawa magetsi pakona, zonse zosomekedwa pa thabwa lalikulu. Chiwalo chimodzi chikafa umachizula n'kusomekapo china, ndipo makompyuta atatu akufa amatha kubala imodzi yamoyo, monga momwe amisiri a njinga amachitira pamsika. Pa Raspberry Pi zonse n'zomatiriridwa pa thabwa limodzi. RAM ikachepa sungawonjezere, kachipangizo kakapsa nthawi zambiri thabwa lonse latha. Memori khadi imene imasunga mapulogalamu ake nayo imatha kusokonekera magetsi akathima mwadzidzidzi, chinthu chimene kwathu si chachilendo. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyeneranso kukumbukira kuti kompyuta imadya kwambiri isadabadwe. Kafukufuku wa United Nations University amene adafalitsidwa mu 2004 adapeza kuti kupanga kompyuta imodzi yapatebulo ndi sikirini yake kunkafuna makilogalamu 240 a mafuta ndi malasha, makilogalamu 22 a mankhwala ndi makilogalamu 1,500 a madzi. Chuma chonsechi chidalowa kale m'chibokosi chimene chilipocho. Kuchitaya chidakali chamoyo ndi kutaya zonsezo. Komatu dziko lapansi likutaya: mu 2022 zinyalala za zipangizo zamagetsi zidafika matani 62 miliyoni, ndipo zimene zidatoleredwa ndi kukonzedwanso mwadongosolo sizidafike gawo limodzi mwa magawo anayi. Kawirikawiri chimene chimapha kompyuta si ukalamba. Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft idathetsa chisamaliro chake chanthawi zonse cha Windows 10, ndipo makompyuta ambirimbiri abwinobwino sangalandire Windows 11 chifukwa alibe ziwalo zimene iyo imafuna. Makompyuta omwewo ukawaika Linux, pulogalamu yaulere imene Linus Torvalds adaiyamba mu 1991, yomwenso ndi imene imayendetsa Raspberry Pi, amagwira ntchito ngati kale. Imfa yawo yalembedwa ndi munthu, mu ofesi ya kutali.

Koma poteteza chakale tisagwere m'dzenje lina. Pali mphatso zina zimene kwenikweni ndi kusesa m'nyumba mwako n'kukakhuthula zinyalala pakhomo pa mnansi. Magalasi a masikirini otumpha aja ali ndi mtovu wambiri, umene umawononga ubongo wa ana ukalowa m'dothi ndi m'madzi. Ku Agbogbloshie, mu mzinda wa Accra ku Ghana, anyamata adakhala zaka zambiri akuwotcha mawaya a zipangizo zakufa kuti apeze kopa wogulitsa, akupuma utsi wapoizoni, mpaka malowo adagwetsedwa mu 2021. Mayiko adasainirana pangano la ku Basel mu 1989, ndipo mayiko a mu Africa adapanganso lawo ku Bamako mu 1991, pofuna kuletsa kutumizirana zinyalala zoopsa, koma chinthu cholembedwa kuti ndi katundu wogwiritsidwa kale ntchito chimadutsa pachipata mosavuta. Munthu wopereka mphatso ayenera kudzifunsa kuti mphatsoyo ikadya chiyani kwa wolandira, ikadwala adzaichiza ndani, ndipo ikafa adzaiika m'manda ndani. Kupatsa wamasiye ng'ombe yokalamba m'chaka cha chilala kumaoneka ngati chifundo pamaso pa anthu, koma usiku amene sagona ndi wamasiyeyo.

Taonani tsono kumene miyeso yatifikitsa. Pa liwiro, zimatengera chakale chake ndi chiti. Pa magetsi, kakang'ono kapambana. Pa kukonzeka chikawonongeka, chakale chapambana. Pa mtengo, zimatengera kumene wogula akukhala. Mlandu wotere suweruzika, ndipo ine ndikuganiza kuti chifukwa chake n'chakuti takhala tikuyeza zida zokhazokha, osayeza mtunda umene ulipo pakati pa chida ndi dzanja la munthu. Kuti timvetse zimenezi tiyenera kufunsa chifukwa chimene kathabwa kobiriwira kadapangidwira.

Cha m'ma 2006 Eben Upton ndi anzake a pa yunivesite ya Cambridge, monga Rob Mullins, Jack Lang ndi Alan Mycroft, adaona chinthu chodabwitsa. Achinyamata ofunsira maphunziro a sayansi ya makompyuta ankacheperachepera, ndipo amene ankabwerawo ankadziwa zochepa poyerekeza ndi anzawo a zaka khumi m'mbuyomo. Izi zinkachitika m'dziko limene makompyuta adali atadzaza m'nyumba ndi m'sukulu, amphamvu kuposa kale lonse. Nanga luso lidathawira kuti? Anthuwa adakumbukira ubwana wawo. M'zaka za m'ma 1980 ana a ku Britain adakulira pa makina onga BBC Micro, imene kampani ya Acorn idatulutsa mu 1981. Ukaiyatsa inkangokupatsa sikirini yakuda ndi kachizindikiro kodikira kuti ulembe lamulo. Kuti ichite kanthu unkayenera kuiuza m'chilankhulo chake. Upton mwiniwake adaphunzirira pa makina amenewo. Koma kompyuta ya m'nyumba ya m'ma 2000 idali ina: yodula, yosungira zithunzi za banja ndi makalata a ntchito a makolo, yotsekedwa bwino, yongodina zithunzi. Mwana ankaloledwa kuigwiritsa ntchito koma osati kuiseweretsa. Nayonso, m'njira yakeyake, idali itavekedwa nsalu.

Mankhwala amene Upton ndi anzake adapeza adali kupanga kompyuta yotsika mtengo kwambiri moti mwana akaiwononga pasakhale maliro. Mapulogalamu onse adawaika pa memori khadi, kuti mwana akasokoneza zinthu angofufuta khadiyo n'kuyambiranso. Adaikapo pobowola pa waya wa wailesi yakanema yakale, kuti ngakhale nyumba yopanda sikirini yamakono ithe kuigwiritsa ntchito. M'mphepete mwa thabwa adasiyamo timisomali tamagetsi, poyamba 26 ndipo kuyambira 2014 tokwana 40, toti mwana alumikizeko babu, belu, kamota kapena kachipangizo koyeza chinyezi m'nthaka, n'kuziyendetsa ndi malamulo olemba yekha. Mu November 2015 adafika potulutsa Raspberry Pi Zero ya madola 5, imene adaigawa yaulere itamatidwa pachikuto cha magazini. Kutsika mtengo kumeneku cholinga chake chidali kuchotsa mantha.

Pali chinthu china chokoma m'mbiri imeneyi. Purosesa ya Raspberry Pi ndi ya mtundu wa ARM, womwenso uli m'mafoni athu pafupifupi onse, ndipo ndiwo umachititsa kuti kanthuko kazidya magetsi ochepa. ARM idabadwira ku Acorn komweko mu 1985, m'manja mwa Sophie Wilson ndi Steve Furber, anthu omwe adagwira ntchito yopanga BBC Micro. Ngakhale maina a Model A ndi Model B amene Raspberry Pi zoyamba zidapatsidwa adatengedwa ku BBC Micro pofuna kuilemekeza. Kathabwa kobiriwira ndi mdzukulu wa kompyuta yakale yapatebulo, ndipo amene adakapanga ankafuna kubweza chinthu chimene agogo ake adali nacho koma chidatayika panjira: ufulu wa mwana wogwira, kulakwitsa ndi kuyesanso. Mkangano wa chakale ndi chatsopano ukutha mphamvu tikazindikira kuti ndi a banja limodzi.

Apa ndiye pagona nkhani. Munthu saphunzira luso lililonse popanda kuwononga kanthu. Mtsikana wophunzira kuphika amapsereza nsima, mnyamata wophunzira kusema amathyola mipini, woumba mbiya amaswa zambiri asadaumbe yoyamba yosadontha. Makolo athu ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ankalola ana kuchita masanje, kuwapatsa kaufa pang'ono ndi kamphika kakang'ono, podziwa kuti zina zipita pansi. Ufa wotayika pamasanje sunkawerengedwa ngati chitayiko, udali mtengo wa maphunziro. Chida chimene kulakwitsa pa icho n'kodula kwambiri sichingaphunzitse, ngakhale chikhale champhamvu chotani, pakuti wophunzira amachiyandikira manja ali kumbuyo. Muyeso umene ndikuupereka ndi umenewu: kodi munthu wosauka, wosadziwa, akalakwitsa pa chida ichi alipira zingati?

Tili nacho chitsanzo kwathu konkuno. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu adayamba ali mwana kumasula mawailesi kuti aone mmene amagwirira ntchito. Njala ya 2001 ndi 2002 itamuchotsa pasukulu chifukwa chosowa fizi, adawerenga mabuku a sayansi m'kalaibulale kakang'ono, n'kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito njinga yakale, fani ya thirakitala, mapaipi apulasitiki ndi mitengo ya bulugamu. Zida zake zidali zotola kudzala. Palibe amene akadamulipiritsa mbuzi atathyola fani ya thirakitala yakufa. Umphawi wa zida zake ndiwo udamupatsa ufulu umene mnyamata wanga wa Fomu 2 adamanidwa ataima pafupi ndi chida chodula kwambiri pasukulu yonse. Sindikutamanda umphawi, pakuti njala imene idamuchotsa Kamkwamba pasukulu idapha anthu. Ndikungoti dzala lidamulola kugwira, pamene ofesi yathu idaletsa.

Wina anganene kuti ndikuwalakwira ahedi athu aja, ndipo ndiyenera kuwayankhira. Iwo sadali munthu woipa. Kompyuta idalembedwa m'buku la katundu wa sukulu, ndipo ikadawonongeka wofunsidwa akadakhala iwo. Mmisiri wapafupi adali ulendo wa tsiku lathunthu, ndalama zomulipira padalibe, ndipo opereka mphatso akadabwera n'kupeza chibokosi chili chomasulidwa sakadabweranso. Munthu amene ali ndi chinthu chimodzi chokha amachisamala mwa mtundu wina, ndipo wa zinthu khumi alibe ufulu womuseka. Kusamala ndi khalidwe labwino, ndipo mtundu wosasamala katundu wa onse supita patsogolo. Zonsezi ndikuzivomereza. Koma kusamala kuli ndi cholinga. Timasunga mbewu kuti tidzadzale, timasunga khasu kuti tidzalimire. Khasu lolimira limatha ndi dothi, khasu losungidwa kudenga limatha ndi dzimbiri. Onse awiri amatha, koma limodzi limasiya nkhokwe yodzaza. Kusamala kukaiwala cholinga chake kumasanduka kuwononga kwa pang'onopang'ono kumene palibe amene amaimbidwa nako mlandu, poti makoswe sasaina m'buku la katundu.

Ndiyeneranso kuchenjeza amene angaganize kuti kugula timakompyuta totsika mtengo n'kugawa ndiye kuti vuto latha. Mu 2005 Nicholas Negroponte adalengeza ntchito ya One Laptop per Child, yofuna kupatsa mwana aliyense wa m'mayiko osauka laputopu ya madola 100. Dziko la Peru lidagula mazanamazana a masauzande, koma kafukufuku wa Inter-American Development Bank wa mu 2012 sadapeze kuti ana adapita patsogolo pa masamu kapena kuwerenga chifukwa cha makinawo. Chida pachokha sichiphunzitsa, pamafunika mphunzitsi amene naye saopa kuchigwira. Raspberry Pi nayo ikhoza kutsekeredwa m'kabati ya ahedi, ndipo poti ndi yaing'ono yolowa m'thumba, chifukwa choitsekera chingapezeke msanga kuposa cha chibokosi. Tisaiwalenso kuti lero timakompyuta tambiri timagulidwa ndi makampani oika m'makina a m'mafakitale. M'zaka za 2021 mpaka 2023, pamene zipangizo zopangira makompyuta zidasowa padziko lonse, wogula wamba ankavutika kukapeza kanthuko pamtengo wake weniweni, ndipo mu June 2024 kampani yopanga Raspberry Pi idalowa pamsika wa masheya wa ku London. Chinthu chobadwira ana chikhoza kukulira m'manja mwa amalonda.

Tsono chodabwitsa n'chakuti nthawi yachita kwa chibokosi chakale chimene Upton adachita mwadala kwa kathabwa kake: yachitsitsa mtengo mpaka kulakwitsa pa icho sikuopsanso. Kompyuta imene kale tinkaiona ngati chuma cha sukulu yonse lero ili m'sitolo za maofesi, pansi pa mafailo, palibe woifuna. Pa muyeso wathu uja, imeneyo tsopano ndi mphunzitsi wabwino zedi. Mwana akhoza kuimasula, kuzula RAM, kuona mmene imalirira ikasowa chiwalo, kusomekanso, kuikamo Linux, kuiwononga ndi kuidzutsa. Chinthu chimodzi chokha asachitsegule, chisikirini chotumpha chija ndi bokosi logawa magetsi, pakuti zimenezo zimasunga moto woopsa ngakhale zitazulidwa pakhoma. Kumene kuli magetsi odalirika ndi zibokosi zongokhala, fodya wako ndi amene ali pamphuno, ana apatsidwe zimenezo. Kumene moto ndi wa sola, kathabwa kobiriwira ndiye mlendo wobwera ndi kalumo kakuthwa. Kusankha pakati pa ziwirizi ndi nkhani ya malo ndi thumba, ndipo munthu wanzeru aisankha mosavuta. Chovuta ndi kuchotsa nsalu.

Ndikunena kuti n'chovuta chifukwa ndidadzigwira ndekha. Tsiku lija mwana wa mlongo wanga atatuluka panja, kamdzukulu kanga ka zaka zisanu ndi zitatu kadayandikira patebulo n'kutambasula chala kufuna kukhudza timisomali ta m'mphepete mwa thabwa. Mawu adafika pakamwa panga okha, omwe aja a zaka zoposa makumi awiri zapitazo: usagwire, uwononga. Kanthu ka madola ochepa, kopangidwira dala kuti ana akagwire, ine n'kufuna kukaveka nsalu! Pamenepo ndidazindikira kuti nsalu yamaluwa ija siidatsale mu ofesi ya ahedi. Ndidachoka nayo, ndipo ambiri a ife amene tidakula chinthu chilichonse chili chimodzi chokha timayenda nayo m'mutu. Timaveka nsalu mabuku a mulaibulale, zida za mulabotale, ngakhale mafunso a ana athu.

Mawu aja ndidawameza. Ndidazula chaja pakhoma, ndidakanyamula kathabwako n'kukaika m'manja mwa mwanayo. Adakatembenuza uku ndi uku, adawerenga timisomali mmodzimmodzi mpaka 40, kenaka adandiyang'ana.

"Agogo, nanga kakafa?"

"Kakafa tidzatsegula chibokosi chili kuchipinda chija," ndidamuyankha, "tione m'kati mwake muli chiyani."

Limenelo ndilo yankho limene ndidali nalo ngongole kwa mnyamata wa Fomu 2 uja. Lafika mochedwa, ndipo lapita kwa mwana wina.